Dothi la Pansi pa Msuku

Mwezi wa Ogasiti ku Kitwe umabwera ndi mphepo. Imayamba cha m'ma naini, n'kunyamula fumbi la pa milu ya ku mgodi, kuliwaza pa malata, pa zovala zoyanika, pa tsamba lililonse. Kumwamba kumayera mbuu. Aliyense wosunga mbande amadziwa chimene mwezi umenewu umafuna: kuthirira m'mawa dzuwa lisanakwere, kuthiriranso likapendeka, ndi kutsuka masamba kuti apume.

Pa nazale yathu, kuseri kwa tchalitchi ku Chamboli, amene amayamba kugwira keni yothirira tsiku lililonse ndi a Philomena Daka. Ife timawaitana Amake Unity. Ndi mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, woyenda mokoka mwendo wakumanzere chifukwa cha bondo. M'mawa salankhula zambiri. Amatunga pa chitsime, kuyenda mzere ndi mzere, ndipo pomaliza amaima pa ngodya ya kum'mawa, pamene pali mbande zawo za masuku.

Anabadwira ku Chadiza. Ku Kitwe anabwera mu 1984, atakwatiwa ndi a Zacharia Daka amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi. A Philomena anagwira ntchito ya m'nyumba ku Nkana West zaka khumi ndi chimodzi, kwa bwana wina wa pa mgodi: kuchapa, kusita, kukolopa. Kuseri kwa nyumba imeneyo kunali msuku umodzi waukulu umene omanga anausiya. Eni nyumba sankaulabadira, zipatso zinkangogwa. A Philomena ankadyera pansi pake masana, ndipo mu Disembala ankatola masuku m'chitenje kupita nawo kwa ana.

Migodi itagulitsidwa, a Zacharia anachotsedwa ntchito. Chifuwa chinawatenga patapita zaka zinayi. A Philomena anapeza malo pa msika wa Chisokone n'kuyamba kugulitsa ndiwo zamasamba, ndipo mvula ikayandikira, masuku. Ana atatu anakula ndi masuku amenewo. Koma iwo ankaona chinthu chimene ogula sankachiona. Poyamba masuku ankabwera pa njinga, kuchokera kungodutsa Kalulushi. Kenako anayamba kubwera pa galimoto kuchokera ku Mpongwe. Kenako pa lole, kuchokera kutali kumene iwo sanafikeko, ena ataphwanyikira m'njira. Njinga zija zinkabwerabe m'mawa uliwonse, koma zitasenza makala.

Nazale inayamba ndi anthu khumi ndi awiri a pa tchalitchi. Timafesa mandimu, magwafa, mapapaya, mango ndi makotapela, n'kumagawa ku masukulu ndi m'makomo. Lachisanu ana a sukulu amabwera ndi aphunzitsi awo kudzaphunzira kudzaza machubu. Wapampando ndi a Fanwell Nkhoma, a ku Katete, amene anali kapitawo pansi pa mgodi zaka makumi awiri. Ndi munthu wa dongosolo. Machubu amaima potsata chingwe, lililonse pa malo ake. Dothi lolowa pa geti amayamba alisefa, kenako kulikazinga pa moto m'diramu lodula pakati, kuti mbozi, njere za udzu ndi matenda zife. Ndipo palibe angatsutse, mandimu a a Nkhoma amawala.

Chaka chimene a Philomena anapempha ngodya ya masuku, a Nkhoma anaseka.

"Amake Unity, msuku sadzala munthu. Umamera wokha."

"Umere pati, a Kapitawo? Pa thumba la makala?"

"Chabwino, wamera. Zaka teni usanabale. Inu mudzadya ndi mano ati?"

"Masuku safuna mano," anatero a Philomena. "Amangofuna kufinya."

Ngodyayo anawapatsa.

Chaka choyamba anafesa nthangala za masuku akupsa, zongotuluka kumene m'kamwa, pakuti zikauma sizimera. Zinamera bwino. Zitafika masamba anayi zinaima, kuyamba chikasu, n'kufa m'nyengo yozizira. Ena anati achulutsa madzi. Chaka chachiwiri anachepetsa madzi, zinafanso. Ena anati ndi senta, utsi wowawa uja wa ku mgodi. Chaka chachitatu anafesa machubu mazana awiri, kuwamangira mthunzi wa udzu, kuthira manyowa a nkhuku pang'ono. Pofika Ogasiti ameneyu masamba anali achikasu ngati kale.

Loweruka pa msonkhano a Nkhoma sanazungulire.

"Masukulu atatu apempha mandimu ndi makotapela. Malo a mthunzi atha, chitsime chikutsika. Ngodya ija ikumwa makeni eyiti pa tsiku, ndipo ikutibwezera chiyani? Maliro chaka ndi chaka." Anayang'ana a Philomena, mawu n'kufewa pang'ono. "Mayi, sindikudana nanu. Tidikire mvula yoyamba. Ikagwa masamba akadali choncho, tikhuthula machubu, ndipo za masuku zithere pomwepo."

Palibe anatsutsa. A Philomena anangoti, "Ndamva," n'kukapachika keni.

Pobwerera anadzera kwa a Dora, mnzawo wa pa msika amene amafulula munkoyo wogulitsa, chakumwa chonga thobwa. Anawapeza pakhonde atagwira chipanda chachikulu, akukalipira mkazi wa mwana wawo.

"Taonani, Amake Unity! Wanditsukira chipanda ndi sopo. Sopo! Wakwecha mpaka m'kati mwayera ngati mbale ya ansembe. Masiku awiri munkoyo uli phee, phala lokhalokha."

"Ndimati ndikuthandizeni, amayi," anatero mpongoziyo chapansipansi. "Munali zakuda."

"Zakudazo ndiye mwini wake wa munkoyo! Popanda izo susasa. Tsopano ndikapemphe zotsalira za m'chipanda cha eni ake, ngati ndayamba dzulo kufulula."

A Philomena anakhala pa mpando, koma zotsatira sanazimve. M'maso mwawo munali diramu la a Nkhoma likufuka. Munalinso thengo la ku Chadiza, kumene timisuku tinkamera mothinana pansi pa misuku ikuluikulu, pomwe paja ankazula bowa mvula ikagwa. Bambo awo anayesapo kuwokera umodzi pakhomo, atausansa mizu bwinobwino. Unafa. Azakhali awo ananyamula wina m'dengu ndi chibuma chake chonse, ndipo umenewo unagwira.

"Mwadwala?" anafunsa a Dora.

"Ayi. Ndibwerekeni thumba."

Lolemba atathirira anakwera minibasi ya m'tauni, kenako anayenda pansi kulowa ku Nkana West, thumba la ufa lopanda kanthu m'khwapa, kakhasu atakakulunga m'chitenje. Panali patapita zaka zoposa makumi awiri. Mipanda ya maluwa inali itasanduka makoma, ndipo anasochera kawiri. Nyumbayo anaizindikira ndi nsonga ya msuku imene inkasuzumira pamwamba pa khoma. Pa geti panali chikwangwani chakuti nyumbayo ikugulitsidwa.

Anagogoda. Anatulukira mlonda wachikulire wa imvi m'ndevu, dzina lake a Chishala. Anapatsana moni m'Chibemba, chimene a Philomena amalankhula tsiku lililonse pa msika. Koma mawu amodzi anatuluka a kwawo atangovala malaya a Chibemba.

"Ndefwaya ukumona umutengo," anatero.

Iwo ankati akufuna kuona mtengo, uja wa masamba. Koma kwa Mbemba umutengo ndi wa ndalama basi. Wa masamba ndi icimuti.

Mlondayo anawayang'ana kuyambira pa duku mpaka pa patapata. Anayang'ana thumba. Kenako anavula chipewa, kutsegula geti lonse, n'kuwatulutsira mpando.

"Ikaleni, bamayo, ikaleni."

Anaimba foni kwa mwini nyumba ku Ndola, akunong'ona koma momveka: kwabwera wogula, mayi wachikulire, wabwera ndi thumba, ndipo paja anthu a ndalama zenizeni savala bwino. Foniyo anawapatsira ndi manja awiri.

Mawu a mayi wina, aulemu kwambiri, anatchula nambala yaitali ya mamiliyoni, nati tikhoza kukambirana. A Philomena anachotsa foni kukhutu, kuiyang'ana, n'kuibwezanso.

"Mayi, ine ndikunena mtengo uli kuseriwu. Msuku."

Kenako mayi wa ku Ndola uja anaphulika kuseka. Anali a Damaris Mvula a ku Kansenshi, ndipo kwawo kunali ku Chipata.

"Mtengo wa masamba! Amama, mwatipha ife. Ine ndimati lero Mulungu wandikumbukira. Nanga pa msuku mukufunapo chiyani?"

"Dothi la pansi pake. Thumba limodzi."

"Dothi? Tengani, amama. Koma fulumirani, ndauza kale odula. Aliyense wobwera kudzaona nyumba akudandaula kuti palibe poimika galimoto."

A Chishala anali atavalanso chipewa. Ataona kakhasu kakutuluka m'chitenje, nkhope yawo inawala. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ali pachimbuya, amanyozana mwaufulu ngakhale pa maliro.

"Kanshi ndimwe a kum'mawa! Ndadziwa tsopano. Mwabwera kukumba mbewa m'yadi ya bwana."

"Mbewa n'zabwino, mbuya. Inu mwamaliza mitengo yonse pofuna kugwetsa anyani a ndiwo."

"Nyani ni nyama! Mbewa ni chani? Mchira chabe."

"Gwirani thumba, musiye phokoso. Ndikagula nyumbayi woyamba kuchoka ndinu."

Pansi pa msuku panali pozizira monga kale. Mpopi wa m'munda unkadontha chapafupi, ndipo masamba a zaka zambiri anali ataunjikana. A Philomena anagwada pa bondo labwino, kukankha masamba ouma, n'kupala pang'onopang'ono, osazamitsa kupitirira chikhatho. Dothi linali lakuda, loyangidwa ndi timizu ndi tiulusi toyera ngati ta kangaude. Analinunkhiza. Linkanunkha bowa. Anathira m'thumba mpaka pamene akanatha kusenza, ndipo a Chishala anawatwika, akudandaula kuti mbewa za chaka chino n'zolemera.

Atafika pa nazale anapeza diramu lili pa moto. A Nkhoma anaona thumba n'kutambasula dzanja.

"Dothi latsopano? Bweretsani kuno, moto ulipo kale."

A Philomena anatula thumba pansi n'kukhalapo.

"Ili simukazinga."

"Mayi, lamulo ndi la tonse. Mukalowetsa matenda, mandimu onse apita."

"Silifika pa mandimu anu. Likhala pa ngodya yanga, keni yanga ndi yanga, manja ndizisamba."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Dzina lake sindilidziwa. Koma n'chamoyo, ndipo inu mwakhala mukuchiphika zaka zitatu."

A Nkhoma anaika dzanja m'chuuno. Pansi pa mgodi akalankhula anthu ankathamanga. Apa panali mayi wamfupi, thukuta likutsika m'masaya, atakhala pa thumba la dothi ndipo sakusuntha. Potsiriza anati, "Mvula yoyamba," n'kubwerera ku moto wawo.

Masiku awiri a Philomena anakhala pa kampando, chubu ndi chubu: kuboola m'mbali ndi kamtengo mpaka pa mizu, kuthiramo dzanja limodzi la dothi lija, kutsendera, kuthirira. Thumba linatha kutatsala machubu makumi anayi. Bondo linatupa, ndipo anagona sabata yathunthu, mwana wawo Unity akuwathiririra asanapite ku ntchito. Atabwerera ku Nkana West ndi thumba lachiwiri, nsonga ija sinasuzumirenso pa khoma. A Chishala anatsegula geti osatchula mbewa. Pamene panali msuku panali chitsa. Dothi lapamwamba anali atalipala n'kulitaya, ndipo amisiri anali kuthira simenti.

"Ndinayesa kuwauza, mbuya," anatero a Chishala.

"Si mlandu wanu."

A Philomena anagwira chitsacho ndi chikhatho kanthawi, n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu.

Mwezi wa Seputembala unatha osasintha kanthu. Mphepo inaleka, kutentha kunalowa. Chitsime chinatsika mpaka tinalumikiza chingwe. A Philomena anayamba kubwera ndi madzi a kunyumba m'chigubu, kuti munthu asanene kuti ngodya yawo ikumwera mandimu. Ena mwa ife tinkadutsa pa ngodyayo maso ali kumbali, monga timachitira pakhomo pamene pali wodwala amene sachira.

M'sabata yachiwiri ya Okutobala, dzuwa lili pa ukali wake, pa nsonga ya mbande imodzi panatuluka katsamba katsopano. Sanauze munthu. Anadikira kachiwiri, kachitatu, kakhumi. Masamba atsopanowo anali okhuthala, obiriwira mpaka kuda.

Mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa Novembala, masana, ya mabingu, yonunkhiritsa fumbi. M'mawa mwake a Nkhoma anabwera ndi wilibala monga ananenera. Tonse tinalipo, ena tikunamizira kuzula udzu. Anayenda mzere woyamba, wachiwiri, manja ali kumbuyo. Mwa machubu amene analandira dothi lija, oposa zana anali obiriwira. Kenako anafika pa makumi anayi a kumapeto aja. Munali timitengo touma, tina totsala ndi tsamba limodzi lachikasu.

"Awa bwanji?"

"Thumba linathera apa."

A Nkhoma anawerama, kuzula kambande kouma kamodzi, n'kuyang'ana mizu yake. Inali yoonda, yosalala. Kenako anayang'ana a Philomena, ndipo iwo anang'amba m'mbali chubu limodzi lobiriwira. Mizu inali yonenepa kunsonga, itakutidwa ndi tiulusi toyera tija.

A Nkhoma anaisuzumira nthawi yaitali, magalasi ali pa mphuno.

"Ndiye kuti ndakhala ndikukazinga chakudya cha eni ake."

"Zaka zitatu, a Kapitawo."

"Musachite kuwerenga, mayi. Ndamva."

Anakhuthula makumi anayi okhawo. Madzulo ake anabwera ndi chidutswa cha lata ndi penti yofiira, n'kukhoma pa mzati wa mthunzi pa ngodyayo. Zilembo zinali zazikulu, zoongoka, ngati za zikwangwani zochenjeza za pansi pa mgodi: DOTHI LA PANO OSAKAZINGA.

Mayi wina wa zankhalango atabwera kudzaona nazale, anatchula dzina lalitali la Chingerezi la tiulusito, nati ndi mtundu wa bowa umene umakhala pa mizu n'kumadyetsa mtengo. A Philomena anamvetsera mwaulemu. Kwa ana a sukulu Lachisanu iwo amangoti ndi dothi la amake, n'kuwapatsa kuti anunkhize. Ambiri mwa anawo amadya masuku chaka chilichonse, koma tsamba lake anali asanalionepo.

Mu Disembala, nthaka itanyowa mokwanira, mbande makumi asanu ndi limodzi zinapita ku masukulu atatu aja pamodzi ndi mandimu ndi makotapela. A Philomena anapita okha kukaonetsa kadzalidwe: chibuma chisaphwanyike, ndipo azidzala zisanuzisanu moyandikana, pakuti misuku ina ndi yaimuna, sibala. A Chishala anabwera pa njinga kudzatenga ziwiri, ati ndi malipiro otwika mbewa. Zotsalazo zinakhala pa ngodya.

Sabata yomweyo malole a masuku anafika pa Chisokone. A Dora anaika ndowa pafupi ndi malo awo, n'kumauza aliyense wodya kuti nthangala alavulire m'menemo, osati pansi. Lachitatu ndowa inafika pa nazale itadzaza. Machubu atsopano anali atandandalikidwa kale potsata chingwe, mazana atatu, m'kati muli dothi losefa koma losaona moto. Anawandandalika ndi a Nkhoma.

"Koma chinthu chimodzi, Amake Unity," anatero akupukuta manja. "Msuku uja anadula. Dothi la amake chaka chino mulitenga kuti?"

A Philomena analoza mbande zotsala zija ndi chibwano.

"Kwa a Dora munkoyo watsopano amauyambira m'chipanda chakale."

Anakoka kampando. Pa chubu lililonse lakale anatapa pang'ono m'mbali ndi supuni, mosamala kuti asadule mizu, n'kubwezerapo dothi lina. Zotapazo anaziunjika m'beseni. Kenako anayamba mzere woyamba: kuboola ndi chala, kuthira supuni imodzi ya m'beseni, kugoneka nthangala, kukwirira.

Mitambo inayamba kusonkhana cha ku Ndola dzuwa litapendeka. Ife tinalowetsa mawilibala ndi kuphimba diramu. A Philomena anasuntha kampando kufika pa chubu lomaliza. Anapala beseni ndi supuni, kugwedezera zotsalira zonse m'kabowo, kuikamo nthangala, n'kutsendera ndi chala chachikulu. Ananyamula keni, kuthirira mzerewo kuyambira kumapeto mpaka pa mzati, kutsuka supuni, n'kupachika keni pa msomali wake.